ZA M'MAOFESI NDI M'MASUKULU: Magetsi Akazima, Nchito ya pa Kompyuta Isatayike

M'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, monganso m'maboma ena a m'cigawo ca kum'mawa, muli dandaulo limodzi limene limamveka kawiri-kawiri m'maofesi, m'masukulu ndi m'tinyumba totaipiramo makalata m'misika. Dandaulolo ndi lakuti munthu anakhala pa kompyuta kuyambira m'mawa kulemba lipoti kapena mayeso a ana, ndipo atatsala pang'ono kutsiriza, magetsi anazima mwadzidzidzi. Pamene magetsi anabweranso, anayatsa makinawo ndi kupeza tsamba loyera mbee, lopanda ndi liu limodzi lomwe. Ambiri akaona zotere amangopukusa mutu, nanena kuti madzi akatayika saoleka, ndipo amayambanso kulemba kucokera pa ciyambi.

Mwambiwo ndi woona pa za madzi, koma pa za kompyuta suli woona nthawi zonse. Mapulogalamu ambiri olembera makalata ali ndi njira yosungira okha mau amene munthu ali kulemba, ngakhale mwini wakeyo ataiwala kutero, ndipo kawiri-kawiri gawo lalikulu la nchito imene ioneka ngati yatayika limakhala likali m'kati mwa makina, lili kuyembekeza munthu wodziwa pofunafuna. Danga lino sabata ino lifotokoza m'mene njirayi imagwirira nchito, pamene imathandiza, ndi pamene imalephera.

Zimene zimatayika

Maboma a Sinda ndi Vubwi anakhazikitsidwa m'caka ca 2012, m'nthawi ya malemu Pulezidenti Michael Sata. Sinda anapatulidwa kucokera ku Katete ndi Petauke, ndipo Vubwi anapatulidwa kucokera ku Chadiza. Boma latsopano limadza ndi maofesi atsopano, monga a khonsolo, a maphunziro, a zaumoyo ndi a zaulimi, ndipo ofesi iriyonse iyenera kutumiza malipoti ake ku Chipata kapena ku Lusaka pa tsiku loikika. Masiku ano pafupi-fupi malipoti onsewo amalembedwa pa kompyuta.

Nchito ya zolembalemba inakula kwambiri m'caka ca 2022, pamene Boma linakweza ndalama za thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, lochedwa CDF, kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lirilonse. Pa masankho a 2021 maboma atatuwa anali ndi madera asanu a aphungu: Mkaika ndi Milanzi ku Katete, Sinda ndi Kapoche ku Sinda, ndi Vubwi. Makalabu a amai, magulu a acinyamata ndi makopaletivu ofuna thandizo la m'thumbali ayenera kupereka mapepala ofotokoza nchito imene afuna kucita, maina a mamembala ndi ndondomeko ya ndalama. Mlembi wa kalabu amene wayenda mtunda wautali pa njinga, nalipira wotaipa, nataya mapepalawo kaamba ka kuzima kwa magetsi pa tsiku lotsiriza, sataya mau okha ai. Amataya ndalama za ulendo, tsiku la kumunda, ndipo mwina mwai wa kalabu yonse kufikira caka cinanso.

Cimodzimodzi aphunzitsi pokonza mayeso a pakutha pa temu, akalaliki a m'zipatala monga ca St Francis ku Katete ndi ca Nyanje ku Sinda polemba malipoti a pamwezi, alangizi a zaulimi polemba maina a alimi olandira feteleza, ndi alembi a mafumu polemba makalata oitanira anthu ku misonkhano kapena ku mwambo wa Kulamba umene umacitika ku Mkaika mu Ogasiti: onsewa nchito yao imadalira makina amene amaima nthawi yomweyo magetsi akacoka.

Za kuzima kwa magetsi

Owerenga akumbukira bwino caka ca 2024. Mvula inakana, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Pa nthawiyo magawo oposa 80 pa 100 alionse a magetsi a dziko lino anali kucokera ku mphamvu ya madzi, maka-maka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Madzi atacepa m'nyanja ya Kariba, kampani ya ZESCO inayamba kugawa magetsi mosinthana-sinthana. Pa 11 Marichi anayamba kuwazimitsa maola 8 pa tsiku, ndipo pofika mwezi wa Seputembala malo ambiri anali kulandira magetsi pafupi-fupi maola 3 cabe pa tsiku. Bvuto lotere linaonekanso m'zaka za 2015 ndi 2019.

Caka ca 2015 cimakumbukika m'masukulu pa cifukwa cinanso. Ndico caka cimene ana a Giredi 9 analemba kwa nthawi yoyamba mayeso a Boma a phunziro la makompyuta, ndipo m'masukulu ambiri a m'dziko muno, kaamba ka kucepa kwa makina ndi kuzima-zima kwa magetsi, ana anadikirana mpaka usiku kuti apeze mpata wokhala pa kompyuta. Mwana amene makina amzimira pakati pa mayeso otere, cimene cingamuombole ndi cimodzi cokha: ngati mau ake anali atasungidwa.

Ngakhale m'zaka za mvula yabwino magetsi amazimabe. Mphezi, mtengo wogwera pa waya, jenereta yotha mafuta, batire ya sola yofooka madzulo, kapena phazi la mnzako lokola nthambo pansi pa tebulo, zonsezi zimazimitsa kompyuta mofanana. Nthawi zina magetsi alipo, koma pulogalamu yokha ndiyo imauma, osamvanso batani lirilonse.

Mphasa ndi nkhokwe

Kuti munthu amvetse cifukwa cake mau amasowa, ayenera kudziwa kuti kompyuta iri ndi malo awiri oikamo zinthu. Malo oyamba amachedwa RAM. Awa ndiwo malo ogwirirapo nchito, ofulumira kwambiri, koma amakumbukira zinthu pokhapo magetsi ali kuyendamo. Malo aciwiri ndi disiki, imene imasunga zinthu ngakhale makina atazima kwa caka cathunthu.

Mai woyanika ufa pa mphasa adziwa kuti ufawo sunafike poti nkuuwerengera. Kamvulumvulu mmodzi, kapena mbuzi imodzi, atha kuononga nchito ya tsiku lonse. Ufa umakhala wake ndithu akauola ndi kuuthira m'cotengera. RAM ndiyo mphasa, ndipo disiki ndiyo nkhokwe. Pamene munthu ali kutaipa, mau amene aoneka pa galasi la kompyuta ali pa mphasa cabe. Amalowa m'nkhokwe pamene munthuyo walamula makina kuti asunge, cimene anthu a m'maofesi amati kuseva. Makina akale otaipira analibe bvuto limeneli cifukwa cilembo ciriconse cinali kugwera pa pepala pomwepo. Pa kompyuta kuona mau ndi maso si umboni wakuti asungidwa.

Kusunga nchito n'kosabvuta. Munthu amapanikiza batani la Ctrl pamodzi ndi la S. Koyamba makina amafunsa dzina la failo ndi malo oiikamo. Pambuyo pake safunsanso, amangosunga m'kanthawi kocepa kuposa kuphethira kwa diso.

Mlonda wa m'kati mwa Word

Pulogalamu imene imapezeka m'maofesi ambiri ndi Microsoft Word, imene inatulutsidwa koyamba m'caka ca 1983. M'kati mwake muli mlonda wochedwa AutoRecover. Mlondayu, pakapita mphindi zingapo, amalemba kope la padera la nchito imene iri pa galasi ndi kuliika pa disiki, m'failo yobisika imene dzina lake limathera ndi zilembo za asd. Ngati palibe amene anasintha dongosolo, amacita zimenezi pa mphindi 10 zirizonse. Munthu akatsiriza bwino nchito yake, naisunga ndi kutseka pulogalamu, kope la paderalo limafafanizidwa cifukwa silifunikanso. Koma makina akazima mwadzidzidzi, kopelo limatsala.

Motero magetsi akabwera, cinthu coyamba ndi kutsegula Word pa kompyuta yomweyo, ndi kuyang'ana ku dzanja la manzere. Kumeneko kumaoneka bokosi lolembedwa kuti Document Recovery, ndipo m'kati mwake muli maina a zikalata zimene zinali zotsegula, pamodzi ndi nthawi imene kope lirilonse linalembedwa. Munthu atsegule kope la nthawi yaposacedwa, aliwerenge, ndipo alisunge pomwepo ndi dzina lodziwika asanagwire cina ciriconse. Ambiri amalakwa pamenepa: poti bokosilo liri m'Cingerezi ndipo anali asanalionepo, amalitseka mofulumira ngati cinthu cosokoneza. Pulogalamu ikafunsa ngati mafailowo asungidwe kuti adzaonedwe nthawi ina kapena acotsedwe, wokayika asankhe kuwasunga.

Ngati bokosilo silinaoneke, cikhulupiriro cisathe. Kuyambira pa Word ya 2010 pali njira yaciwiri. Munthu asankhe File, kenaka Info, kenaka Manage Document, ndipo potsiriza Recover Unsaved Documents. Mu Word ya 2010 ndi ya 2013 mau a pa batanilo ndi akuti Manage Versions, koma nchito yake ndi imodzimodzi. Pamenepo pamatseguka foda ya zikalata zimene sizinapatsidwe dzina. Njira imeneyi imathandizanso munthu amene anatseka yekha cikalata catsopano, nasankha molakwa batani lakuti Don't Save. Zikalata zotere zimasungidwa kwa masiku 4 okha, ndipo pambuyo pake pulogalamu imazicotsa. Amene wataya nchito pa Cisanu asadikire kufikira pakati pa sabata yotsatira.

Ngati cikalataco cinali kale ndi dzina, ndipo zimene zatayika ndi zoonjezera za tsikulo, munthu acitsegule ndi kupita ku File ndi Info. Pambali pa batani la Manage Document pamaoneka makope amene mlonda analemba, ndipo lina limakhala ndi mau osonyeza kuti linatsala pamene cikalata cinatsekedwa cisanasungidwe. Akalitsegula, batani la Restore limabweza mauwo m'cikalata ceniceni. Zonsezi zikakanika, wodziwa makina angathe kufufuza m'kompyuta yonse mafailo othera ndi asd, ndi kuwatsegulira m'kati mwa Word. Pulogalamu ya Excel, imene aphunzitsi amalembamo mamalikisi ndi osunga cuma amawerengeramo ndalama, iri ndi mlonda wotere, ndipo njira zake ndi zofanana.

Kumene mlondayu safika

Pali zinthu zinai zimene wogwira nchito aliyense ayenera kuzidziwa, kuti asaike cikhulupiriro conse pa mlonda ameneyu.

Coyamba, mlondayu amabweza nchito kufikira pa kope lake lotsiriza basi. Ngati analemba kope pa 10 koloko ndipo magetsi anazima mphindi 9 pambuyo pake, mau onse a m'mphindi 9 zimenezo apita. Munthu wotaipa mau 30 pa mphindi angathe kutaya mau oposa 250, ndiko kuti ndime zingapo. Ndipo ngati cikalata catsopano cinatsegulidwa mphindi zocepa magetsi asanazime, mlonda amakhala asanalembe kope ngakhale limodzi.

Caciwiri, mlondayu angathe kuzimitsidwa. Makompyuta ambiri a m'maboma muno anagulidwa atagwirapo kale nchito kwina, kapena amagwiritsidwa nchito ndi anthu ambiri, ndipo palibe amene adziwa zimene wina anasintha. Nkwabwino kupita ku File, kenaka Options, kenaka Save, ndi kuona ngati timabokosi tiwiri ta pamwamba tiri ndi cizindikiro: kena ndi kolamula kuti kope lizilembedwa pa mphindi zakuti-zakuti, ndipo kena ndi kolamula kuti kope lotsiriza lisungidwe munthu akatseka asanasunge. Pomwepo nambala ya mphindi ingathe kusinthidwa, kuyambira pa 1 kufikira pa 120. Kumalo kumene magetsi sakhulupirika, mphindi 2 kapena 3 ndizo zoyenera. Makina okalamba angathe kuima kamphindi polemba kopelo, koma kudikira kumeneko n'kocepa poyerekeza ndi kulembanso masamba.

Cacitatu, kope la mlonda limakhala pa kompyuta imene nchito inacitikirapo. Munthu amene anataipira cikalata cake pa makina a m'sitolo ku Katete sangathe kukacifunafuna pa makina a kusukulu kwao, ngakhale atanyamula fulashi yake. Ayenera kubwerera pa makina omwewo, ndipo abwerere msanga.

Cacinai, disiki yeniyeniyo ikafa, kapena makina akabedwa kapena kupsa ndi mphezi, cikalata ndi kope lake zimapitira limodzi, pakuti zonse zinali m'nkhokwe imodzi.

Kusunga pa intaneti

Pali njira ina yatsopano imene ambiri amaisokoneza ndi yoyambayo cifukwa maina ake ndi ofanana. Mu Word imene imabwera ndi Microsoft 365, pamwamba ku manzere pali kabatani kolembedwa kuti AutoSave. Aka sikalemba kope la padera ai, koma kamasunga cikalata ceniceni pa masekondi ocepa alionse. Koma kamagwira nchito pokhapo cikalataco ciri pa OneDrive kapena SharePoint, ndiko kuti pa makompyuta a kampaniyo amene amafikiridwa kudzera pa intaneti. Cikalata cimene ciri pa disiki ya mu ofesi kapena pa fulashi sicithandizidwa ndi kabatani aka. M'caka ca 2025 kampani ya Microsoft inalengeza kuti m'ma Word atsopano a pa Windows zikalata zatsopano ziyamba kusungidwa zokha pa intaneti, pokhapo mwini wake atasankha mwina.

Google Docs, imene inayamba m'caka ca 2006, imatsata njira yomweyi. Iribe batani lofunika kupanikiza kuti nchito isungidwe. Mau amatumizidwa pamene ali kulembedwa, ndipo pansi pa File pali Version history, pamene munthu angathe kuona m'mene cikalata cinaliri dzulo kapena sabata yatha ndi kucibweza. Imagwiranso nchito pa foni, ndipo foni iri ndi batire yakeyake. Ubwino wa njira zimenezi ndi wakuti ngakhale kompyuta itapsa, cikalata cimapezeka pa makina ena alionse munthu akalowa ndi akaunti yake.

Koma anthu a kumidzi ayenera kuziganizira bwino. Intaneti imafuna ndalama, ndipo kumalo akutali ndi mseu waukulu wa Great East netiweki imabwera ndi kupita. Magetsi akazima nthawi yaitali, nsanja za mafoni nazo zimafooka. Google Docs ingathe kugwira nchito popanda intaneti, koma munthu ayenera kuikonzeratu kuti itero pamene intaneti ikalipo. Ndipo pali msampha wina. Akalaliki ambiri ali ndi cizolowezi cotsegula kalata yakale, kusintha dzina ndi tsiku, ndi kuisunga ndi dzina latsopano potsiriza. AutoSave ikakhala yoyaka, kusinthako kumalowa m'kalata yakaleyo nthawi yomweyo, ndipo kalata ya caka catha imasanduka ina. Wofuna kutero ayambe wapanga kope, ndipo asinthe kopelo.

Masukulu ndi mabungwe amene alibe ndalama zolipirira Word angathe kugwiritsa nchito LibreOffice, pulogalamu yaulere imene inatulutsidwa koyamba m'caka ca 2011. Nayonso iri ndi mlonda wake. Dongosolo lake limapezeka pa Tools, Options, Load/Save ndi General, ndipo makina akazima mwadzidzidzi, pulogalamuyi potsegulidwanso imafunsa yokha ngati ibweze zikalata zimene zinali zotsegula.

Malangizo kwa ogwira nchito

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Mau amene sanasungidwe ndi fodya wa pa cala. Kotero lamulo loyamba ndi lakuti cikalata cipatsidwe dzina ndi kusungidwa mutu wake utangolembedwa, osati potsiriza. Dzinalo likhale lomveka, lokhala ndi nkhani ndi tsiku, kuti wina aliyense mu ofesi angathe kulipeza mwini wake atadwala. Maina monga Document1 ndi Document2 asokeretsa anthu ambiri.

Lamulo laciwiri ndi lakuti dzanja lizolowere Ctrl ndi S pakutha pa ndime iriyonse, ndiponso pamene munthu afuna kunyamuka, kuyankha foni, kapena kutumiza cikalata ku pulinta. Wozolowera amacita zimenezi osaganiza n'komwe, monga wopalasa njinga saganizira za mapazi ake.

Lamulo lacitatu ndi lakuti nchito icitikire pa disiki ya kompyuta, ndipo ikatha ikopedwe pa fulashi. Kulemba molunjika pa fulashi n'koopsa, cifukwa fulashi ikagwedezeka kapena kuzulidwa pamene makina ali kulembamo, failo ingathe kuonongeka. Fulashi yoyenda m'makompyuta ambiri imatolanso mavairasi, ena a iwo amabisa mafailo kotero kuti mwini wake amayesa kuti afafanizidwa.

Lamulo lacinai ndi lakuti cikalata cofunika cikhale m'malo awiri kapena atatu osiyana: pa kompyuta, pa fulashi yosungidwa m'cipinda cina, ndipo ngati n'kotheka pa imelo imene munthu wadzitumizira yekha. Mu Word mulinso dongosolo lolembedwa kuti Always create backup copy, lopezeka pa Options ndi Advanced, limene limasunga cikalata monga cinaliri cisanasungidwe komariza. Limathandiza munthu amene wafafaniza masamba molakwa ndi kusunga asanazindikire.

Lamulo lacisanu likhudza eni maofesi. Kompyuta ya pa tebulo imazima pomwepo magetsi akacoka, pamene laputopu imapitiriza ndi batire yake. Pali kabokosi kochedwa UPS, kamene kamaikidwa pakati pa khoma ndi kompyuta, ndipo kali ndi batire yopatsa munthu mphindi zingapo zoti asunge nchito ndi kuzimitsa makina mwadongosolo. Nchito yake ndi yomweyo, osati kupitiriza kutaipa mpaka batire itatha. Batire ya m'kabokosika imakalamba pakapita zaka zocepa ndipo iyenera kuyesedwa. Magetsi akazima, nkwanzeru kuzula nthambo ku khoma, cifukwa nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira imene ingathe kuocha makina.

Makina a anthu ambiri

Eni ake a tinyumba totaipira makalata ku Katete, Sinda ndi Vubwi ali ndi udindo waukulu, pakuti anthu ambiri a kumidzi amafika kwa iwo ndi mapepala olembedwa pamanja, osadziwa kanthu za makina. Wotaipa wacilungamo amasunga nchito ya kasitomala kuyambira pa mzere woyamba, amampatsa kope lake pa fulashi kapena pa foni, ndipo amambwezera mapepala ake a pamanja. Kasitomala naye asataye mapepalawo kufikira cikalata citasindikizidwa ndi kuperekedwa kumene cifunika.

Palinso nkhani ya cinsinsi. Mlonda amene amabweza nchito yotayika sasankha nkhope. Kalata ya mlandu wa munda, ya matenda, kapena ya ngongole, ikatsala m'foda ya zikalata zosasungidwa, ingathe kutsegulidwa ndi munthu wina amene wakhala pa makinawo pambuyo pake. Wotaipa ayenera kuona fodayo madzulo alionse ndi kucotsamo za anthu amene atenga kale nchito yao. Amene walowa mu akaunti yake ya imelo kapena ya Google pa makina a eni ake aturukemo asananyamuke.

M'masukulu, aphunzitsi a phunziro la makompyuta acita bwino kuphunzitsa ana kusunga nchito pa tsiku loyamba lenileni, asanawaphunzitse kukongoletsa zilembo. Angathenso kuyesa pamaso pa ana: kulemba ndime, kudikira kuti mlonda alembe kope lake, kutseka pulogalamu osasunga, ndi kuwaonetsa njira yobwezera. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake sadzalira pa tsiku la mayeso, ndipo adzakaphunzitsa akulu ake kunyumba.

Phunziro la akalaliki akale

Akalaliki amene anagwira nchito m'maofesi a Boma m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akumbukira kuti kalata siinali kutaipidwa imodzi yokha. Anali kuika mapepala a kaboni pakati, kotero kuti kalata imodzi inali kuturuka ndi makope ake: lina lopita kwa mwini wake, lina lolowa m'failo ya nkhaniyo, ndi lina lotsala mu ofesi. Mayeso a ana anali kudulidwa pa sitensulo ndi kupukusidwa pa makina a Gestetner, ndipo sitensuloyo inali kusungidwa mosamala. Kalaliki wotumiza kalata popanda kope anali kudzudzulidwa ndi mkulu wake. Makina asintha, koma lamulo lija likali ndi mphamvu: nchito ya Boma ndi ya anthu siyenera kukhala pa malo amodzi okha.

Tsono akulu a maofesi, aphunzitsi akulu ndi atsogoleri a makopaletivu m'maboma atatuwa apemphedwa kupatula ola limodzi sabata ino, kuti aone kompyuta iriyonse imene iri m'manja mwao, atsimikize kuti mlonda wake ndi woyaka, acepetse mphindi zake, ndi kuonetsa anchito ao onse pamene pali batani lobwezera zikalata. Nchitoyi siifuna ndalama. Amene sadziwa afunse mnzake wodziwa, pakuti safunsa anadya phula, ndipo palibe manyazi kwa mkulu wa ofesi kuphunzira kwa kalaliki wamng'ono kapena kwa mwana wa sukulu. Ola lirilonse lotayidwa polembanso lipoti limene linalembedwa kale ndi ola limene mlimi wadikira pa khonde la ofesi, wodwala wadikira pepala lake, ndi nchito ya citukuko yacedwa.

Sabata ya mawa danga lino lidzafotokoza za kasamalidwe ka fulashi, ndi m'mene munthu angapezerenso mafailo amene vairasi yawabisa.